Kulira Munthu Wamoyo

Ine nkhawa ndinabadwa nayo. Ndikatseka chitseko ndimabwerera kukachikankhanso, ndipo mwana akachedwa kuchigayo, m'mutu mwanga amakhala atagundidwa kale ndi galimoto. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti ndimayamba kubuula matenda asanafike. Ndiye pamene akuluakulu a mpingo anandipatsa gulu la achinyamata kuti ndiziliyang'anira, ndinakhala pansi n'kuganiza zoopsa zonse zimene zingandigwere: mimba, ndewu, wina kuthyoka mwendo povina ingoma. Zimene zinadzachitikazo sizinandibwererepo m'maganizo ngakhale pang'ono.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale pakati pa Jenda ndi Embangweni. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo Chitumbuka changa chinali chongolonjerera ndi kugulira tomato. Achinyamatawo ankandiyankhula Chichewa chawo chothira mbwenu paliponse, ine n'kumawayankha changa, ndipo tinkamvana bwinobwino. Tinkakumana Loweruka masana m'tchalitchi chakale chimene mpingo unachisiya utamanga chatsopano. Mawindo ake analibe magalasi, ndipo chinali pamtunda poyang'anizana ndi dambo limene anthu ali ndi madimba awo. Tinkaimba, tinkalakatula ndakatulo, ena ankajambula ndi makala pamakatoni a sopo. Koma chimene ankachikonda koposa chinali sewero.

Chaka chimenecho magulu a achinyamata a mipingo yoyandikana ankayenera kukakumana ku Embangweni, gulu lililonse ndi sewero lake. Ine ndinabwera ndi nkhani ya kubzala mitengo, chifukwa mtengo sungakhumudwitse munthu. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako mnyamata wina wa Fomu 3 anakweza dzanja.

"Madamu, za mitengo tinachita chaka chatha, anthu anagona. Tichite za ku Joni."

Onse anaomba m'manja, ndipo ndinagonja. Kudera limenelo banja lopanda munthu ku Joni ndi losowa. Nyumba zambiri za malata zimene zili m'mbali mwa msewu zinamangidwa ndi thukuta la kumeneko. Komanso aliyense anaonapo galimoto ikulowa m'mudzi pang'onopang'ono ikukoka kangolo kumbuyo, anthu n'kudziwiratu kuti mmenemo muli bokosi. Nkhani anailuka okha. Mnyamata akwatira, apita ku Joni, chaka choyamba atumiza mabulangete ndi wailesi, kenako zii, mapeto ake abwera ali m'bokosi, mkazi wake n'kumulira.

Zonse zinkayenda, kupatula kulirako. Mtsikana aliyense amene tamupatsa mbali ya mkazi woferedwa ankayamba bwino, manja kumutu, koma akangoyang'ana mnzake wagona pabenchi atafunda nsalu yanga ya patebulo, zala za kumiyendo zili poyera, ankaphulika ndi chiseko. Mtembo nawo unkayamba kugwedezeka ndi phwete. Ine magazi ankathamanga. Ndinkadziona kale ndili ku Embangweni, pamaso pa abusa ndi aphunzitsi anzanga, maliro anga akusekedwa. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinaopseza kuti tibwerera ku mitengo, koma sizinathandize.

M'gulumo munali mtsikana mmodzi wokwatiwa. Kumeneko mkazi wa mwana wako amamutchula kuti mkamwana, ndipo nafenso tinazolowera kumuitana choncho. Msinkhu wake sunkasiyana ndi wa ana a sukulu amene ndinali nawo, koma iye anali ndi mwana wamkazi kumsana, woti wangoyamba kuyenda ndipo wasiya kumene kuyamwa. Mwamuna wake anapita ku Joni mwanayo asanabadwe. Ankakhala ndi apongozi ake aakazi kutsidya kwa dambo, ndipo iwo ankamulola kubwera chifukwa zinali za kutchalitchi komanso ankadziwa kusoka. Zovala zathu zonse za sewero ankasoka ndi iye. Malo ake anali benchi yakumbuyo, singano m'manja, ndipo sankayankhula ngati sanafunsidwe.

Loweruka lina m'nyengo yozizira, atsikana onse atalephera, mmodzi wa iwo anapukuta misozi ya chiseko nati, "Madamu, ife kumaliro timangotunga madzi, m'nyumba ya siwa sitilowa. Auzeni amkamwana atisonyeze, iwo amakhala ndi azimayi."

Zinali zoona. Ndinatembenukira kumbuyo n'kumupempha kuti angowaonetsa pang'ono mmene azimayi amachitira.

"Yayi, madamu," anatero, maso ali pansalu imene ankasoka.

Anzakewo anamuumiriza, inenso ndinawonjezera kuti n'kamphindi chabe. Kenako anabaya singano pansalu, anamasula mwana n'kumupereka kwa mtsikana amene anali naye pafupi, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyenda kupita kutsogolo kumene mnyamata uja anagona atafunda nsalu yoyera. Anagwada pambali pa benchi.

Sanayambe ndi kukuwa. Anayamba pansipansi ngati munthu amene akudziyankhulira, akugwedeza mutu, dzanja lili pansalu. Kenako mawu anakwera, n'kukwerabe, mpaka anatuluka amene sindinkadziwa kuti angachokere m'kathupi kakang'ono kotere. Ankalira m'Chitumbuka, ndipo ngakhale ine ndinamva: "Mwanileka na njani, adada wa mwana wane? Mwanileka na njani?" Ankafunsa kuti wamusiya ndi yani. Tsitsi langa linaima. Palibe amene anaseka. Atsikana aja anagwirana manja, ndipo zala za mtembo zinalowa m'nsalu. Mumtima ndinati ku Embangweni tikagwetsa anthu.

Koma sanasiye. Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti zakwana, iye osandimva. Ndili choweramira choncho ndinamva mawu ena akuyankha kuchokera panja, kutali. Ndinasuzumira pawindo. Kudambo anthu anali ataimirira m'madimba mwawo, makeni othirira atawasiya pansi. Azimayi ankamanga zitenje m'chiuno akubwera kumtunda, ndipo ena anali atayamba kale kulira, monga amachitira poyandikira pakhomo pamene pagwa zovuta. Kulira kwa mtundu umenewo ndi uthenga, kwathu ku Dowa n'chimodzimodzi. Tonse m'chipindamo tinkadziwa zimenezi, koma palibe amene anakumbukira kuti mawu akutuluka panja, ndipo padambo mawu amayenda.

Oyamba kufika anali apongozi ake. Anali mayi woonda, wamasiye, ndipo wa ku Joniyo anali mwana wawo yekhayo wamwamuna. Anathamanga kuchokera kudimba opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, chifukwa mawu a mkamwana wawo ankawadziwa. Panali patapita miyezi mwana wawoyo osaimba foni. Atafika pakhomo n'kuona nsalu yoyera pabenchi ndi mkamwana atagwada pambali pake, anagwa pansi.

"Mwana wane! Mwana wane wafwa!"

Mnyamata wa m'nsalu uja analephera kupirira. Anadzuka ndi nsalu yomwe, ndipo azimayi amene anali atadzaza pakhomo anabalalika akukuwa, ena kugwera mumaluwa. Anthu ena akamakamba nkhaniyi lero amaseka pamenepa. Ine sindinasekepo. Ndinathamangira pakhomo, ndinagwada pafupi ndi mayiwo, n'kumangobwereza ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka kuti, "Ni sewero waka, amama. Sewero waka."

Zinatenga nthawi kuti amve. Anakhala tsonga pakhonde akupuma movutikira, wina akuwapatsa madzi. Anthu anali atadzaza bwalo lonse, onse chete. Mayiwo sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mkamwana wawo, amene tsopano anali ataima pakhomo maso ali psuu.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "walira mwana wane ali moyo?"

Mayiwo anadzuka, analowa m'tchalitchimo, anatenga mdzukulu wawo m'manja mwa mtsikana uja, anamubereka okha, n'kuyamba kutsetserekera kudambo. Mkamwana anawatsatira chapatali, kumsana kulibe kanthu. Singano ndi nsalu anazisiya pabenchi.

Mawa lake titatuluka m'mapemphero, mkulu wa mpingo amene ankayang'anira za achinyamata anandiitanira pansi pa mtengo. Anali bambo wofatsa, woyankhula mosathamanga, zimene zinkandiwonjezera nkhawa. Anandiuza kuti kulira munthu wamoyo ndi malodza, kuli ngati kumuitanira imfa. M'mudzi nkhani inali itagawanika kale. Ena ankati mkamwana akudziwa kanthu kamene akubisa, ena ankati akumufunira mwamuna wake zoipa. Abale a mwamunayo anali atakumana m'mawa womwewo, ndipo anagwirizana kuti ngati mnyamatayo samveka, mkamwana abwerere kwawo ku Engutwini.

Ine ndinapumirako pang'ono. Ndinati mwina n'zabwinonso, akapumuleko kwa makolo ake ndi mwana wake mpaka zinthu zizizire.

Mkuluyo anandiyang'ana ngati mwana wa Sitandade 1. "Madamu, kuno si kwanu. Ng'ombe zinapita. Mwana ngwa kuno."

Kwathu ukwati ukatha, mwamuna ndi amene amanyamula chikwama chake, ana amatsala ndi mayi wawo ndi amalume awo. Ndinali nditakhala ku Mzimba zaka zingapo, ndipo za malobolo ndinkazidziwa ngati mmene munthu amadziwira zinthu za m'buku. Tsiku limenelo ndi pamene zinandilowa m'thupi. Mtsikana uja akanapita yekha, mwana wake n'kutsala kutsidya kwa dambo.

Sabata imeneyo sindinaphunzitse za nzeru. Ndinkalemba masamu pabolodi ana n'kumandikonza. Nthawi yopuma ndinkapita kuseri kwa kalasi kumene kumaonekera kutsidya, n'kumayang'ana pakhomo paja ngati ndingathe kusintha kanthu ndi maso. Ndinkaona mayi aja akusesa, mwana ali kumsana kwawo. Ndinkaona mkamwana akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu, yekha. Chakudya sindinkachifunanso. Mwamuna wanga anandiuza kuti ndikapitiriza choncho anthu adzalira ine, ndipo ndinamukalipira mpaka anatuluka panja.

Ndinapempha mkulu wa mpingo uja kuti andiperekeze kukapepesa. Tinapita madzulo ena dzuwa lisanalowe, ine nditanyamula nkhuku. Tinawapeza mayiwo atakhala pamphasa, mdzukulu akuseweretsa chitsononkho pafupi nawo. Mkamwana anali pakhomo la khitchini akutong'ola chimanga m'lichero. Ndinagwada chapatali, mkuluyo n'kundiyankhulira monga mwa mwambo. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo mwina ndikanapepukidwa akanatero. Koma anayankha mofatsa, m'Chichewa kuti ndimve ndekha.

"Madamu, imwe mulibe mlandu, ndimwe alendo. Uyu ndiye amadziwa mwambo. Nkhuku yanu bwererani nayo, ine sindikufuna nkhuku. Ndikufuna mawu a mwana wane. Ndikamva mawu ake ndi khutu langa ili, mbwenu nkhani yatha. Mwezi uno ukatha osamveka, abale ake a uyu abwere adzamutenge."

Ndinaona kuti nawonso sakudya. Sindinathe kuwada. Anali mayi amene anamuika kale mwana wake m'manda pothamanga kuchokera kudimba, ndipo mtima wawo unali usanabwerere m'malo.

Tikutsanzika, mwana uja anadzuka n'kuyamba kudzandira kulunjika kukhitchini, manja ali m'mwamba. Mkamwana anaika lichero pansi. Agogo ake anamuitana mwanayo kamodzi kokha, osakweza mawu, ndipo mtsikana wina wa pakhomopo anamunyamula n'kumubwezera pamphasa. Mkamwana anatolanso lichero lake. Pamene ndinkadutsa pafupi naye anangoti, "Yewo, madamu," osadzutsa mutu.

Nambala ya mwana wawo wa ku Joniyo mayi aja anandipatsa. Ndinkaiimba m'mawa, nthawi yopuma, poweruka, ndipo nthawi zonse ankandiyankha mzimayi wa m'makina, m'Chingerezi, kuti nambalayi sikupezeka. Ndinayamba kumuda mzimayi ameneyo ngati ndimamudziwa. Maganizo anga nawo sanandichitire chifundo. Bwanji ngati mnyamatayo wamwaliradi? Bwanji ngati galimoto yokoka kangolo ilowa m'mudzi sabata yomweyi? Ndikamva galimoto ikuchepetsa liwiro pamsewu ndinkasiya choko n'kuthamangira pawindo, ana n'kumayang'anana. Ndinkadziwa kuti zikatero, palibe munthu m'mudzimo amene angakhulupirire kuti zangochitika.

Sewero la ku Joni linafera pomwepo. Makolo ena analetsa ana awo kubwera, ndipo otsalawo anakachita la mitengo lomwe lija ku Embangweni, ine mtima uli kwina. Ndinangowaperekeza, sindikumbukanso kuti anthu analilandira bwanji.

Mphunzitsi mnzanga anandilangiza kuti ndikafunse kwa matransipota, anthu amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Joni. Anati iwowo amadziwa aliyense, kumene amagona ndi kumene amagwira ntchito. Ndinajambula ndi foni yanga chithunzi cha ukwati chimene mkulu wa mpingo anakandibwerekera, n'kuyamba kukwera njinga yamoto kupita pa Jenda ndikaweruka. Ndinkafika fumbi lili mpaka m'nsidze, n'kumazungulira pakati pa milu ya anyezi ndi mbatata kufunafuna magalimoto a nambala zakunja. Ena ankapukusa mutu asanayang'ane n'komwe. Ena ankandifunsa kuti ndine ndani wake, ndipo ndikati ndine mphunzitsi ankandiyang'ana ngati wapolisi. Mwezi unali ukupita. Mmodzi anandimvera chisoni n'kundiuza kuti anyamata a kudera lathu ambiri amanyamulidwa ndi bambo wina wa ku boma.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Mzimba boma. Bamboyo ndinamupeza pafupi ndi depoti, munthu wamkulu thupi, atakhala pafiriji yokutidwa ndi makatoni akudya nzimbe. Ndinamuonetsa chithunzi chija. Anachiyang'ana, n'kulavula zikhamba.

"Uyu? Ali makola chomene. Wanenepa, simungamudziwe. Ndinamuona ulendo wathawu."

Ndinakhala pathumba la munthu wina osapempha. Nditapezako mpweya ndinafunsa chifukwa chake foni yake sikugwira.

"Anasintha nambala."

"Osauza amayi ake?"

Anaseka. "Madamu, mwamuna akasintha nambala ku Joni, musamafunse zambiri."

Ndinafunsabe, ndipo anandiuza. Mnyamatayo anali ndi mkazi wina kumeneko, wochokera konkuno, ndipo anali atabereka kumene mwana wamwamuna. Nambala yatsopano bamboyo anali nayo, koma anati anauzidwa kuti asapatse munthu aliyense wa kumudzi. Apa mtima wanga unaphulika. Ndinaimirira pakati pa depoti n'kumuuza zonse mokweza, anthu akutiyang'ana: za sewero, za mayi amene anagwa pakhomo la tchalitchi, za mwana amene akulandidwa kwa mayi wake chifukwa cha munthu amene akunenepa ku Joni. Ndinamuuza kuti ngati ali ndi mwana wamkazi, aganize. Anasiya kutafuna.

"Amama wake anagwa pansi?" anafunsa.

Anatulutsa foni, n'kujambula mawu opita kwa mnyamatayo pa Watsapu, m'Chitumbuka chothamanga chimene ndinangotolamo mawu oti chindere. Kenako anandipatsa nambala. Anati ndiimbe mawa masana, mnyamatayo ayankha, akapanda kuyankha katundu wake sadzamunyamuliranso.

Mu minibasi pobwerera ndikanayenera kusangalala, koma nkhawa inangosintha malo. Ndinali nditanyamula nkhani ziwiri, ina yopulumutsa, ina yopweteka. Ndinene zonse? Nanga abale ake akamva kuti kuli mdzukulu wamwamuna ku Joni, adzamufunabe mkamwana wa kunoyu? Nanga mnyamatayo akayankha n'kunena yekha kuti mkaziyo achoke? Pofika pa Jenda mutu unali ukuwawa. Ndinatsimikiza kuti ndikapereka chimene ananditumacho, mawu a mwana wawo, zinazo ndikatseka pakamwa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ndi mkulu wa mpingo uja. Pakhomo pawo foni simagwira bwino, malo okhawo ndi pachulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe. Ndiye tonse tinayenda ulendo wa kuchulu: ine patsogolo ndi foni, mkuluyo, mayi aja mdzukulu ali kumsana, ndi mkamwana kumbuyo kwenikweni. Kunkazizira, koma ine thukuta linali kamukamu. Ndinakwera pachulu, ndinawathandiza mayiwo kukwera, n'kuimba. Foni inalira, inalira, mpaka inaduka yokha. Mayiwo anandiyang'ana. Ndinaimbanso, m'mtima ndikupemphera mapemphero osalongosoka. Ulendo uno wina anayankha, ndipo ndinatsegula sipika kuti aliyense amve.

"Amama?"

Mayiwo analanda foni ndi manja onse awiri. Analira, anaseka, anamukalipira, anamufunsa ngati akudya, zonse nthawi imodzi. Mnyamatayo anati foni inabedwa, ntchito inavuta, koma atumiza bulangete ndi feteleza mvula isanagwe. Akuyankhula choncho, kumbuyo kwake kunamveka khanda likulira, kenako mawu a mzimayi akulitonthoza m'Chitumbuka, pafupi kwambiri ndi foniyo. Tonse tinamva. Mkulu wa mpingo anatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa ng'ombe. Mayiwo anakweza mawu n'kumafunsa za nyengo ya kumeneko.

Mkamwana anali atagwada m'munsi mwa chulu, manja awiri atawatambasula pang'ono kudikira kuti amupatse foni. Ndinkangoyang'ana manja amenewo. Mnyamatayo sanafunse za iye, ngakhale za mwana amene sanamuonepo. Anati akulowa ntchito, adzaimbanso, n'kudula. Mkamwana anatsitsa manja n'kuwapukuta pachitenje ngati anali onyowa.

Titatsika pachulu mayiwo anamasula mdzukulu kumsana n'kumupereka kwa mayi wake. "Nkhani yamala. Tora mwana," anatero. Mwanayo anakakamira khosi la mayi wake, miyendo ikupalasa. Kenako anatembenukira kwa ine. "Yewo chomene, madamu, mwagwira ntchito. Koma za masewero zanuzo, uyu basi. Kusoka azisokera pano."

Ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo. Ndinene zoona, ndinasangalala. Kwa nthawi yoyamba chichitikire zija ndinamva njala.

Mkulu wa mpingo anatsalira kuti acheze ndi abambo a pamudzipo, ndipo mkamwana anauzidwa kuti andiperekeze. Tinatsetsereka kulowera kudambo, iye patsogolo mwana ali kumsana, ine pambuyo. Ndinalimbana ndi pakamwa panga mtunda wonsewo, koma ine chinthu sichikhala m'mimba. Tikuyandikira pamtengo wowolokera ndinamufunsa ngati anamva mawu ena aja pafoni.

"Ndinadziwa kale, madamu," anayankha osatembenuka. "Mnzanga anandionetsa chithunzi chawo pafoni, nthawi ya dzinja."

Ndinaima. "Ndiye bwanji simunanene? Akanadziwa kuti ali moyo, simukanavutika chonchi!"

"Chithunzicho chinali chakale, akanati wafa pambuyo pake. Komanso ndikananena kuti ali ndi mkazi wina, akanati ndiye chifukwa chake ndamulira kuti afe. Mbwenu mwana akanapita ndithu."

Iye anakhala pamtengo wowolokerawo n'kumusunthira mwana kutsogolo, akumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. Ankayankhula ngati akukamba za mitengo ya sopo.

"Pakhomo paja sindingalire, madamu. Ndikalira akuti ukulira chiyani, munthu ali moyo, nyumba ya malata ukugonamo. Kwathu nako akuti pirira, ng'ombe zinakwatirira kale mchimwene wako. Kumjigo kuli anthu, kudimba kuli anthu. Tsiku lija munandiuza nokha kuti lira. Mbwenu ndinalira."

Misozi inandilengeza ine, iye maso ali ouma. Ndinafuna kumuuza kuti zinthu zidzakhala bwino, koma sindinkakhulupirira, ndipo iye akanadziwa. Anaimirira, anabereka mwana, anamanga chitenje mwamphamvu pachifuwa. Anayang'ana kumtunda kumene tinachokera kuti aone ngati kuli munthu, kenako anatsitsa mawu.

"Madamu, ndapota. Mukadzakhala ndi sewero lina la maliro, la kutali kumene mawu sangafike kuno, mudzandipemphere kwa apongozi. Mudzanene kuti mukufuna wosoka."